Kuchoka pa u-attendant kupita ku unamwino: ndiyambire pati?

Mlongo wa ku Ngabu:

Moni nonse akuluakulu. Ndimagwira ntchito ya patient attendant pa chipatala china cha boma kuno ku Chikwawa. Ntchito zake mukuzidziwa: kuyala mabedi, kusungunula klorini, kuperekeza odwala ku X-ray, kupititsa magazi ku labu, ndipo anamwino akachepa ndimathandizako kuyeza kutentha kwa thupi ndi kukweza odwala pasikelo. Mtima wanga uli pa unamwino. Pa intaneti ndawerenga kuti wothandiza odwala angathe kuphunzira chaka chimodzi chokha n'kukhala licensed practical nurse. Kodi njira imeneyi iliko kuno kwathu? Ngati kulibe, yofanana nayo ndi iti?

MSCE yanga ndi ya silabasi yakale. English ndinapeza 5, Biology 6, Physical Science 7, Masamu 8. Kodi zaka zimene ndagwira mu wodi sizingakwirire pamene paperewerapo? Funso lina ndi la ntchito. Ndikapeza malo kusukulu ndisiye ntchito, kapena pali njira yoti ndipite malipiro akubwerabe? Ndili ndi ana, sindingangonyamuka osadziwa chimene adye. Amene mukudziwa bwino chonde ndimasulireni.

Mphunzitsi wa anamwino:

Achemwali, tiyambe ndi zimene mwawerengazo. Licensed practical nurse ndi udindo wa ku America ndi ku Canada. Ku America munthu amaphunzira pafupifupi chaka chimodzi, n'kulemba mayeso otchedwa NCLEX-PN, kenaka amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi namwino wamkulu kapena dokotala. Kuno ku Malawi udindo umenewo kulibe. Amene amavomereza sukulu za unamwino ndi uzamba, kulembetsa mayeso omaliza ndi kupereka chiphaso chogwirira ntchito ndi bungwe limodzi lokha, la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene ambiri timangoti Nurses Council. Pepala limene bungweli silikulidziwa silingakuvekeni yunifolomu ya namwino pa chipatala chilichonse m'dziko muno.

Njira zodziwika bwino zilipo zitatu. Yoyamba ndi ya Community Midwifery Assistant, CMA mwachidule, ya miyezi 18, yophunzira za uzamba zokha. Yachiwiri ndi ya Nurse Midwife Technician, NMT, ya zaka 3, yomwe mumatuluka ndi dipuloma muli namwino komanso mzamba. Yachitatu ndi digiri ya zaka 4, monga ya ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, kapena ya ku Mzuzu University. Imene ikufanana kwambiri ndi zomwe mwawerenga ndi ya NMT, ngakhale yathuyi ndi yotalikirapo chifukwa muli uzamba. Anamwino ambiri amene mumakumana nawo pa Ngabu, pa Makhuwira, pa Tengani kapena pa Ndamera ndi a gulu limeneli.

Tsopano funso limene likukuvutani mumtima. Ndikuuzeni mosabisa: zaka za mu wodi sizilowa m'malo mwa credit. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, 9 ndi kulephera. Maphunziro amene sukulu za unamwino zimayang'ana ndi English, Masamu, Biology ndi Physical Science, kapena Physics ndi Chemistry kwa amene analemba silabasi yatsopano. Inu English ndi Biology zili bwino. Physical Science ndi Masamu ndi zimene zikukutsekerani chitseko, ndiye mufunika kubwereza mayeso a MSCE. Mafomu akafika kusukulu amayamba asankhidwa poyang'ana magiredi, ndiye fomu yokhala ndi 7 ndi 8 pa maphunziro amenewa imaikidwa pambali kalata yanu yofotokoza za ntchito isanawerengedwe n'komwe.

Musaganize kuti ndi nkhanza za aphunzitsi. Wophunzira aliyense akangoyamba sukulu dzina lake limatumizidwa ku Nurses Council pamodzi ndi satifiketi yake kuti alembedwe m'kaundula wa ophunzira, zimene timati indexing. Amene magiredi ake sakukwana salembedwa, ndipo amene sanalembedwe saloledwa kulemba mayeso a chiphaso. Choncho ngakhale mkulu wa sukulu atakumverani chisoni n'kukutengani, mudzaphunzira zaka 3, kulipira fizi yonse, n'kukakanidwa pomaliza. Chiwerengero chonse cha ma credit amene akufunika chimalembedwa mu chidziwitso cha chaka chimenecho, ndiye muziwerenga chidziwitsocho mzere ndi mzere, osati kudalira zimene anachita mnzanu amene analowa kale.

Za sukulu, ife a kuchigwa cha Shire tili ndi mwayi chifukwa ya Trinity ili konkuno, ku Muona m'boma la Nsanje, pafupi ndi chipatala cha Trinity, ndipo ili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala ndi sukulu zaumoyo za mipingo. Mukakwera kumtunda pali Malamulo ku Makwasa m'boma la Thyolo, Mulanje Mission, Holy Family ku Phalombe, St Joseph's ku Nguludi ndi St Luke's ku Malosa. Ya boma ndi Malawi College of Health Sciences. Musaponye fomu pa sukulu imodzi yokha chifukwa choti ili pafupi ndi kwanu. Ofuna malo amachuluka kwambiri kuposa malowo, ndipo munthu wamagiredi okwana amatha kusiyidwa pamodzi n'kutengedwa pena.

Pali msampha umene ukugwira ma attendant ambiri, ndipo umandipweteka mtima chifukwa ndalama zake ndi zothukutira. M'matauni mwadzaza timasukulu tophunzitsa kosi ya miyezi ingapo ya nursing assistant kapena health care assistant. Mwina mungaphunzireko kanthu, koma pepala lake silikupatsani chiphaso cha unamwino, silichotsa ngakhale mwezi umodzi pa zaka 3 za NMT, ndipo silikweza giredi yanu ya Masamu. Musanalipire kulikonse funsani zinthu zitatu. Akuonetseni kalata ya Nurses Council yovomereza pulogalamu imene mukufunayo, osati dzina la sukulu lokha. Akuuzeni zipatala zimene ophunzira awo amakachitira ma practical. Akuuzeni ngati ophunzira a chaka chatha analandira manambala awo a indexing. Akayamba kuzungulirazungulira poyankha, imbani ku Nurses Council ku Lilongwe mufunse nokha.

Ndalama ya fomu imalipiridwa ku akaunti ya sukulu imene yalembedwa mu chidziwitso, ndipo risiti ya kubanki mumaimata pa fomu. Wina akakuuzani kuti mutumize ndalama pa nambala yake ya foni kuti akusungireni malo, ameneyo ndi wakuba.

Pamene zaka zanu za mu wodi zidzakuthandizeni ndi pa intavyu. Akakufunsani chifukwa chimene mukufunira unamwino, mwana wochoka kumene ku Fomu 4 amangoti ndimakonda kuthandiza anthu. Inu mutha kufotokoza mmene wodwala wosatha kudzuka amatembenuzidwira pa maola 2 aliwonse kuti asachite zilonda za pabedi, kapena chifukwa chimene singano yogwiritsidwa kale siibwezeredwa chivindikiro koma imaponyedwa mu bokosi lake nthawi yomweyo. Ofunsawo amazindikira msanga munthu amene akudziwa chimene akulowa.

Wa ku ofesi yoona za ogwira ntchito:

Mayi, aphunzitsi afotokoza za sukulu, ine ndiyankhe za ntchito. Choyamba dziwani amene anakulembani. Pa chipatala chimodzi chomwecho pamakhala ma attendant amitundu itatu: olembedwa ndi boma kudzera ku khonsolo, olembedwa ndi mabungwe a mapulojekiti, ndi ogwira mongoyembekezera. Tchuthi chokaphunzira malipiro akubwerabe ndi cha gulu loyambalo, makamaka amene ali ndi kalata yotsimikiza kuti anakhazikika pantchito. Tsegulani fayilo yanu kunyumba muone ngati muli kalata yolembedwera ntchito ndi kalata ya confirmation. Ngati yachiwiriyo mulibe, yambani kuitsatira lero, chifukwa kusowa kwake ndi kumene kumagwetsa mapempho ambiri. Amene ali m'zipatala za CHAM monga Montfort ku Nchalo kapena Kalemba ku Bangula, pempho lawo limadzera kwa oyendetsa chipatalacho.

Cholakwa chachikulu ndi kudikira kuti mupeze malo kaye ndiye mukauze akuluakulu. Boma lililonse limakonza ndondomeko ya amene apite kusukulu, ndipo silingatulutse anthu ambiri a chipatala chimodzi nthawi imodzi. Lembani kalata tsopano yonena kuti mukubwereza MSCE ndipo cholinga chanu ndi NMT. Idzere kwa ainchaji a wodi yanu, kenaka kwa ametroni kapena oyendetsa chipatala, ikafike kwa mkulu wa zaumoyo m'boma. Lembani makope awiri, imodzi idindidwe ndi tsiku limene ailandira, muisunge. Malo akadzapezeka mudzalemba kalata yachiwiri yopempha tchuthi, n'kumatapo kalata ya sukulu yosonyeza tsiku loyamba ndi lomaliza, komanso kope la kalata yoyamba ija.

Musanyamuke kalata yokulolani isanatuluke. Mawu a pakamwa oti pitani tikonza kumbuyo kuno sateteza munthu. Amene ananenayo akasamutsidwa, wobwera amangoona kuti pa rosita pali dzina la munthu amene sakubwera kuntchito, n'kulemba kuti wathawa. Zikatero malipiro amaimitsidwa, ndipo kubwezeretsa dzina pa mndandanda wa malipiro ndi ntchito ya miyezi yambiri, mwina osatheka. Tsiku lotsegulira sukulu likayandikira kalata isanatuluke, pemphani masiku anu a tchuthi cha pachaka kuti mukalembetse mwalamulo, kapena lemberani sukuluyo kupempha kuti akusungireni malo.

Mukapita ndi malipiro mudzasaina bondi, pangano loti mukamaliza mudzagwira ntchito kwa amene anakutumizaniwo kwa nthawi yoikika, apo ayi mubweze ndalama. Iwerengeni yonse musanasaine. Ngati akana za malipiro, funsani za tchuthi chopanda malipiro musanaganize zosiya ntchito. Kusiya kumadula zaka zanu zautumiki, ndipo mukamaliza sukulu mumakaima pamzere umodzi ndi anamwino ena ambiri amene ali ndi ziphaso koma akudikira kulembedwa.

Dziwaninso kuti dipuloma siikukwezani yokha. Pamafunika pakhale malo opanda munthu, alengeze, mupemphe, mukachite intavyu ku Local Government Service Commission. Pakati pamenepo ena amabwerera kuchipatala chawo ali ndi chiphaso cha namwino koma malipiro akadali a attendant. Zimawawa, koma ali pabwino kuposa amene ali panja.

Za mapepala, kuno kuchigwa nkhani yake ndi yapadera. Madzi osefukira a mu 2015, namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anawononga masatifiketi a anthu ambiri. A MANEB ku Zomba amatha kupereka chikalata chotsimikiza zotsatira, koma pamapita nthawi ndi ndalama, ndipo tsiku lotseka mafomu silidikira. Satifiketi ikhale mu pulasitiki yomata bwino, pamalo okwera, ndipo muijambule pafoni n'kutumiza chithunzicho kwa mbale wa kumtunda. Onaninso maina. Ngati pa satifiketi pali dzina la bambo anu, pa chiphaso cha unzika pali la amuna anu, ndipo pa payslip kalembedwe kake n'kosiyananso, konzani zimenezi tsopano ndi kalata yolumbira ya kukhoti. Pa indexing zimenezi zimachedwetsa anthu.

Pokonza ndalama musawerengere fizi yokha. Pali yunifolomu, nsapato zotseka, wotchi ya muvi wa masekondi, thermometer, stethoscope, ndalama ya indexing, ya mayeso a chiphaso, ndi ya thiransipoti ndi chakudya mukatumizidwa ku chipatala chakutali, monga ku Zomba Mental Hospital kukaphunzira za matenda a maganizo. Chaka chimene mukubwereza mayesochi chikhale chomalizira ngongole zodula pa payslip, osati chotenga zatsopano, ndipo katapila musayandikire. Mukalowa sukulu funsani ku ofesi za mabungwe amene amalipirira ophunzira unamwino, monga GAIA. Nawonso amakhala ndi bondi yawo, ndiye muone kuti isasemphane ndi ya boma.

Mlongo wa ku Ngabu:

Zikomo kwambiri akuluakulu, mwanditsegula maso. Ndifunseko za CMA. Miyezi 18 ikuoneka yopepukirapo kwa munthu wa ana. Kodi sindingayambire pamenepo? Ndipo Masamuwa amagwira ntchito yanji kwenikweni mu wodi kuti anditsekereze chonchi?

Mzamba wa ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire:

Mlongo wanga, CMA ndi ntchito yolemekezeka ndipo kuno ikufunika kwambiri. Nthawi ya dzinja, mitsinje yochoka kuphiri la Thyolo ikadzaza n'kudula msewu wa Thabwa kupita ku Fatima, mzamba amene ali pa chipatala chaching'ono ndiye amakhala zonse kwa mayi woyembekezera. Koma dziwani malire ake. CMA amaona za sikelo ya amayi, kuchiritsa amene alibe zovuta, kusamalira mayi ndi khanda, kulera, ndi kuzindikira msanga wofunika kutumizidwa ku chipatala chachikulu. Sakaikidwa ku wodi ya abambo kapena ya ana ngati namwino. Ngati mtima wanu uli pa uchembere, pitani. Ngati mukufuna unamwino wonse, mudzafunika kubwereranso kusukulu, kupemphanso tchuthi, kusiyanso ana, ndipo funso la magiredi a sayansi lidzakupezani komweko. Popeza mukubwereza kale mayeso, ine ndikuti limbikirani mupeze ma credit, mulowe NMT kamodzi.

Za Masamu, ndikuonetseni mmene amabwerera pa shifiti imodzi. Dokotala walemba kuti wodwala alandire diripi ya 1000 ml pa maola 8. Pa paketi ya chubu cha diripi palembedwa kuti madontho 20 amapanga 1 ml. Mumachulukitsa 1000 ndi 20, n'kugawa ndi mphindi za m'maola 8, zomwe ndi 480. Yankho ndi madontho pafupifupi 42 pa mphindi. Mumaima pambali pa bedi, wotchi m'dzanja, kuwerenga madontho mpaka akwane. Chubu choikira magazi ndi cha ana zimakhala ndi nambala zina, ndiye amene analoweza 42 osamvetsa njira yake amalakwitsa tsiku limene chubu chasintha. Madzi akathamanga mwa mwana kapena mwa gogo wa mtima wofooka amadzaza m'mapapo.

Kenaka pabwera mwana wa malungo aakulu wolemera makilogalamu 10. Artesunate wa mwana wosakwana makilogalamu 20 ndi 3 mg pa kilogalamu, ndiye akufunika 30 mg. Kabotolo kamakhala ndi 60 mg. Mukasungunula ndi kamadzi kake ka 1 ml n'kuonjezera 5 ml ya saline kuti mupereke mumtsempha, 1 ml iliyonse imakhala ndi 10 mg, choncho mwanayo alandira 3 ml. Mumabwereza pakatha maola 12 ndi maola 24. Wolemera makilogalamu 20 kapena kuposa, mulingo wake ndi 2.4 mg pa kilogalamu, ndiye kuchulukitsa ndi madesimo kuyenera kukhala m'magazi mwanu, usiku, magetsi atazima, makolo a mwana akukuyang'anani.

Ngakhale klorini amene mumasungunulayo ndi masamu. Wa m'botolo wa 3.5% kuti akhale 0.5% mumagawa 3.5 ndi 0.5, mumapeza 7, n'kuchotsapo 1: kapu imodzi ya klorini, makapu 6 a madzi. Ku msasa wa kolera milingo imasintha, 0.05% yosamba m'manja ndi 2% ya chimbudzi ndi masanzi a wodwala. Attendant amauzidwa makapu. Namwino amayenera kudziwa kuwerengera yekha botolo likabwera la mphamvu ina.

Tsopano chimene ma attendant amapunthwa nacho akafika kusukulu. Manja awo ndi ozolowera, saopa magazi, sanyansidwa, amadziwa kulankhula ndi wodwala ndi omudikirira m'Chisena ndi m'Chimang'anja, ndipo zimenezi ndi chuma. Koma amabwera ndi njira zachidule zimene anaona mu wodi yodzaza, ndipo pa mayeso a practical zimawagwetsa. Woyesa amakhala ndi pepala la masitepe. Mwasamba m'manja? Mwadzitchula dzina ndi kupempha chilolezo? Mwatchinga bedi? Mwatsimikiza dzina la wodwala, dzina la mankhwala, mulingo, njira ndi nthawi? Mwaona tsiku lothera mphamvu? Mwalemba mu fayilo mukamaliza? Mutha kubaya jakisoni bwino kuposa kalasi yonse, koma mukadumpha kutsimikiza dzina la wodwala mwalephera. Kugunda kwa mtima muziwerenga mphindi yathunthu, osati masekondi 15 n'kuchulukitsa, chifukwa kudumphadumpha kwa mtima kumabisala pamenepo.

Ku uzamba ndiye kumafuna kudekha. Pa partograph, pepala lolondolera mmene mayi akuchirira, mtima wa mwana umamvedwa pa mphindi 30 zilizonse, njira ya mwana imayezedwa pa maola 4 aliwonse, ndipo mumalemba nthawi yomweyo. Chizolowezi chodzaza pepalalo mwana atabadwa kale ndi choipa kwambiri, chifukwa ntchito yake ndi kukuchenjezani kuti matenda aima pamene nthawi yoitana ambulansi ikadalipo. Kuno kumene ulendo wopita kwa dokotala wa opaleshoni utha kudutsa pa bwato, ola limodzi lotayika ndi lalikulu. Mudzapatsidwanso buku lolembamo amayi amene mwawachiritsa ndi zina zimene mwachita, ndipo pali chiwerengero choyenera kukwana musanaloledwe kulemba mayeso. Sainitsani tsiku lomwelo kwa mzamba amene anakuyang'anirani. Ambiri amasunga kuti adzasainitsa pamodzi, n'kupeza mzamba uja wasamutsidwa.

Chinthu china, ndipo ichi ndikunena ndi mtima wonse. Panopa mukadali attendant, musavomere kubaya jakisoni, kuika kanyula kapena kugawa mankhwala ngakhale namwino atatopa bwanji n'kukupemphani. Chikalakwika, mlandu wake ndi wogwira ntchito ya unamwino popanda chiphaso, ndipo udzalowa mu fayilo yomwe ija imene ikufunika kukhala yoyera popempha tchuthi. Yang'anani, funsani chifukwa chake, lembani m'kabuku kanu, koma singano isiyeni.

Mphunzitsi wa sekondale ku Nchalo:

Achemwali, ine ndithandize pa kubwereza mayeso. Mudzalembetsa ngati external candidate, ndipo njira yabwino ndi kudzera pa sukulu ya open, imene imaphunzitsa masana ana a m'mawa akaweruka. Pa Ngabu, pa Nchalo, pa Bangula ndi pa maboma onse awiri a Chikwawa ndi Nsanje sukulu zotere zimapezeka. Posankha musayang'ane kufupika kokha. Funsani ngati ili ndi labu ndipo ngati a open amaloledwa kulowamo. Biology, Physics ndi Chemistry zili ndi pepala la practical, ndipo ma external ambiri amagwira burette, chubu chagalasi chodonthezera mankhwala, koyamba tsiku la mayeso. Munthu amene sanaonepo mtundu ukusintha pa titration amapitiriza kudontheza, nambala zake zonse n'kukhala zolakwika. Pa Biology muyesere ndi manja anu kuyeza zakudya: iodine pa sitachi, Benedict's wotenthetsa pa shuga, Biuret pa mapuloteni, ndi kujambula chinthu ndi pensulo yosongoka, mizere yolozera isakudutsana.

Physical Science ya nthawi yanu inagawidwa pawiri, ndiye mukonzekere Physics ndi Chemistry paokha, ndi mabuku a silabasi yatsopano. Manotsi akale ali ndi mipata. Musanasankhe maphunziro oti mulembe, funsani sukulu za unamwino zimene mukuzifuna ngati zimalola kuphatikiza zotsatira za zaka ziwiri zosiyana. Ngati mukufuna kugona tulo, lembani maphunziro okwana satifiketi yathunthu nthawi imodzi, kuphatikizapo English ndi Biology ngakhale muli nazo kale, chifukwa 5 ndi 6 atha kukwera, ndipo pa mpikisano wa malo giredi iliyonse imawerengedwa.

Kuchoka pa 8 kufika pa 6 kapena kuposa pa Masamu n'kotheka, koma musayambire pa mabuku a Fomu 4. Vuto la ambiri lili kumbuyo: mafulakishoni, madesimo, manambala a negative, ratio, ndi kusamutsa zilembo mu fomula. Tengani mwezi woyamba pa mabuku a Fomu 1 ndi 2, ndipo mudzaona kuti ma mole a Chemistry ndi mafunso a magetsi a Physics ayamba kumasuka okha. Kenaka mapepala a mayeso akale, muli ndi wotchi, mukulemba njira yonse, popeza mamalikisi ambiri ali pa njira osati pa yankho lokha.

Za nthawi, kutentha kwa kuno kuyambira Okutobala sikulola kuwerenga masana m'nyumba ya malata. Ola la 4 koloko m'mamawa ndi limene mutu umagwira. Kambiranani ndi ainchaji za rosita kuti masiku a practical ndi a mayeso asagwere pa naiti. Polembetsa onetsetsani kuti dzina, tsiku lobadwa ndi maphunziro zalembedwa molondola musanasaine, sungani risiti, ndipo kalembera akatsekedwa palibe wokutsegulirani, choncho funsani masiku ake kwa aphunzitsi aakulu teremu yoyamba ikangoyamba.

Mphunzitsi wa anamwino:

Ndionjezere pa zimene azamba anena, pena ndisiyane nawo pang'ono. Zotsatira zikatuluka n'kupezeka kuti credit imodzi yaperewerabe, musataye chaka muli chikhalire. Onani zimene chidziwitso cha CMA cha chaka chimenecho chikufuna, ndipo ngati mukukwana ganizirani bwino, chifukwa kukhala ndi chiphaso cha Nurses Council, ngakhale cha gulu loyamba, kumasintha ntchito yanu. Kuchokera pa NMT nakonso njira imapitirira, pali maphunziro okweza anamwino amenewa kufika pa registered nurse atagwirako ntchito.

Mukamaliza zaka 3 pali mayeso awiri osiyana, a sukulu ndi a Nurses Council. Dipuloma ya sukulu payokha siikulolani kugwira odwala ngati namwino. Mukakhoza a Council mumalembetsa, n'kumalipira chiphaso chaka ndi chaka ndi kusonkhanitsa mapointi a CPD osonyeza kuti mukupitiriza kuphunzira.

Mukaitanidwa ku intavyu ku Muona, nyamukani dzulo lake. Kuchoka ku Ngabu mutha kubwerera ku Thabwa n'kutsika ndi msewu wa East Bank kudzera ku Masenjere, kapena kupita ku Bangula n'kuwoloka pa bwato, ndipo nthawi ya mvula funsiranitu njira imene ikuyendeka sabata imeneyo. Tengani satifiketi yeniyeni ndi makope ake, chiphaso cha unzika, risiti ya fomu, kalata ya umboni yochokera kwa ametroni, zolembera, pensulo ndi kakyuleta, popeza sukulu zambiri zimayamba ndi mayeso olemba a English, Masamu ndi sayansi musanaonane ndi ofunsa.